Keke ya Alamu Anga Yopanda Mazira

Ndimadziwa kuphika keke ya koko yopanda dzira, yopanda mkaka, yopanda majarini, ndipo imafufuma mpaka kunyamula chivundikiro cha poto. Anthu akalawa amandifunsa kumene ndinaphunzira. Ndimati kwa alamu anga, kenako ndimafulumira kuwafunsa ngati akufuna tiyi wina. Lero za tiyi ndazisiya.

Alamu angawo anali mkazi woyamba wa achimwene. Kwawo kunali ku Dwambazi, ndipo achimwene anawatenga chitengwa n'kubwera nawo pakhomo pathu pa Boma, kuseri kwa msika, pamene tinkakhala ndi amayi. Bambo anali atamwalira kale. Achimwene anali kalaliki mu ofesi ina, munthu wa tayi ndi njinga, wolankhula pang'ono. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri, sukulu nditaisiyira panjira, wosakwatiwa, chokhacho chimene ndinali nacho chakuthwa chinali pakamwa.

Ndinadana nawo alamuwo tsiku loyamba lomwe, ndipo sanandilakwire kanthu. Anali aatali, oseka msanga, Chichewa chawo chopendekera kumpoto moti ndinkawayeserera akatembenuka. Asanakwatiwe anagwirako ntchito m'khitchini ya namwino wina wachizungu ku mishoni, ndipo anachokako ndi zinthu ziwiri: poto wakuda wa chivundikiro cholemera, ndi luso la keke. Kale achimwene akalandira malipiro ankandibweretsera ine mpango kapena sopo wonunkhira. Atakwatira, chimene chinkatuluka m'thumba la njinga chinali fulawa, shuga ndi chitini cha koko. Inali nsanje basi, ndisaipake mafuta.

Uvuni tinalibe. Alamu ankathira mchenga wa kunyanja pansi pa sefuliya yaikulu, n'kukhazika poto wawo pamenepo, makala ochepa pansi, makala ambiri pachivundikiro. Fungo lake linkadumpha mpanda. Amayi achisilamu a tsidya la msewu, amene nyama ya pakhomo pathu sankaikhudza, keke yokha ankabwera kudzailawa ndi kapu yawo ya tiyi m'manja. Achimwene ankadya atatsinzina ngati akupemphera.

Zaka zinayi zinatha, alamu opanda mwana kumsana. Amayi anayamba ndi kuusa moyo, kenako kuimba nyimbo zokuluwika akamapeta mpunga, pomaliza analankhula poyera.

"Ndi mazira," anatero. "Mkazi wanji wongokhalira kuswa mazira n'kumanyambita supuni?"

Kwathu mtsikana sankadya mazira. Ankati amatseka njira ya ana, ndipo ukachita mwayi n'kubereka, mwanayo adzakhala wadazi ngati dzira lomwelo. Ife tinali a tchalitchi, amayi sankaphonya Lamlungu, koma Lolemba lina anawakokera alamu kwa sing'anga wa kwa Malengachanzi. Anabwerako ndi mizu yonyika m'botolo ndi malamulo: asadye dzira, asamwe mkaka, asalawe mafuta alionse ochokera ku chiweto. Ndipo amayi anaikapo lawo lamulo, ine ndikumva.

"Apongozi, mpunga uli m'dambowu ukalowa m'nkhokwe pasanaoneke kanthu, tiitana ankhoswe. Mwana wanga sangafe wopanda womulira."

Alamu anagwada n'kuwomba m'manja.

Tonse tinkati nkhani ya keke yathera pomwepo. Koma alamu anali ndi liuma lachete. Ankadziwa kuti chimene chinkawabweza achimwene kunyumba msanga, osadzera kumowa ngati anzawo, ndi fungo lija. Choncho anayamba kuyesa. Keke yoyamba yopanda mazira inatuluka ngati njerwa. Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba, ndinati tiisunge tidzamangire chimbudzi. Yachiwiri inali yaiwisi m'kati, yachitatu inawawa soda. Alamu ankangopukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kudikira fulawa wa mwezi wina.

Tsiku lina inatheka. M'malo mwa mazira anakanya nthochi zakupsa kwambiri, zija zakuda makoko zimene ana amazikana. M'malo mwa mkaka ananyika nsinjiro m'madzi n'kuzifinya pa kansalu koyera, madzi ake n'kutuluka oyera. Anathira mafuta ophikira, shuga, fulawa ndi koko zosefera limodzi, kasupuni ka soda yemweyu wa therere, ndipo pomalizira penipeni anafinyiramo mandimu. Anandiitana, ine mdani wawo.

"Mlamu, bwerani. Ikani khutu apa."

Ndinaika khutu pa beseni monyinyirika. M'katimo munali kaphokoso, tinthovu tikuphulika.

"Mwamva? Ikunong'ona. Soda akakumana ndi ndimu ndiye dzira lathu. Ikapanda kunong'ona, musawononge makala."

Inafufuma kuposa ya mazira ija, yakuda bii, yofewa. Zotsala m'beseni anawonjezeramo fulawa ndi nsinjiro, n'kuumba timabisiketi tophwatalala, n'kutiwotcha pachivundikiro. Amayi anadya titatu akung'ung'udza. Ine ndinkanena pagulu kuti zimenezi ndi zachabechabe, koma maso anga anali ataloweza zonse, ndipo alamu ankadziwa. Akamaphika ankatchula miyeso mokweza ngati akudzilankhulira okha.

Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo mwini dziko sitinkamutchula dzina pachabe. Sindiyamba lero. Tikamva kuti akubwera kudzayendera boma lathu, amayi onse ankapita kubwalo kukakonzekera magule, ndipo khomo lililonse linkapereka mphatso: wina nkhuku, wina mpunga, wina mbuzi. Sankati ndi lamulo, ankati ndi chikondi. Koma wosaonetsa chikondicho ankamuyendera anyamata a malaya ofiira. Chaka chimenecho pakhomo pathu anatiuza kuti tisonkhe mazira. Nkhuku zinali za alamu, khitchini inali ya alamu, ndiye ndi iwo ankatola mazirawo m'mawa uliwonse n'kuwaika m'kadengu kopachika kudenga.

Ine nthawi imeneyo mutu unali utazungulira ndi mwamuna wina wogwira ntchito m'sitima ya panyanja, wa yunifolomu yoyera ndi mawu a Chingerezi awiri atatu. Ndinamunamiza kuti ndimaphika keke yeniyeni ya azungu. Anati adzakhulupirira akadzalawa. Ya nthochi ndinkaiona ngati ya osauka, ndinkafuna ija yakale ya mazira. Tsiku limene sitima inkayembekezeka, amayi ndi alamu akuvala nsalu za chipani kupita kumagule, ine ndinadzimanga mpango m'mutu n'kunena kuti dzino likundipweteka. Atangokhota, ndinakwera pa mtondo n'kutsitsa kadengu.

Ndinaswa mazira asanu. Makoko ake ndinawakwirira kudzala la kuseri kwa khitchini, n'kuthirapo phulusa. Keke ndinaikulunga m'nsalu n'kuthamanga nayo kudoko ili yotentha. Mwamunayo anaidya ndi anzake ataimirira, anati shuga wachuluka, ndipo ulendo wotsatira ndinamuona m'sitimamo ali ndi mkazi wake ndi ana awiri. Nkhani yake ndi yomweyo. Chimene ndinaphera banja la munthu chinali chimenecho.

Alamu atabwerako kumagule anakhudza poto, anatsegula chitini cha koko, n'kundiyang'ana.

"Mlamu, poto ngwofunda. Dzino lija lapola?"

"Mundisiye," ndinatero. "Poto wanuyo ndimudye?"

Anaseka, ankaganiza kuti ndimayesa keke ya nthochi mobisa chifukwa cha manyazi. Kadengu sanakayang'ane. Nkhuku zinali zitayamba kufungatira, panalibe dzira latsopano loti akaikemo.

Patapita masiku awiri, m'mawa, anafika amayi atcheya a chipani a dera lathu, mayi wonenepa wa mawu ngati wamwamuna, ali ndi anyamata awiri a malaya ofiira atanyamula dengu. Amayi anawayalira mphasa. Alamu analowa m'khitchini akumwetulira, ndipo anatulukamo kumwetulira kutatha. M'kadengumo munali mazira awiri okha.

"Amenewa ndiye chikondi cha pakhomo pano?" anafunsa atcheya.

Alamu anati mwina ndi njoka, mwina msulu. Zikanatha kuthera pa msulu. Koma galu wathu anali atafukula kudzala, ndipo mnyamata mmodzi pozungulira nyumba anabwera ndi makoko m'manja. Anali oswedwa bwinobwino pakati, monga amaswera munthu wophika, ndipo limodzi linali ndi chidindo cha chala cha koko.

Amayi anagwira kumutu n'kuyamba kulira ngati pali maliro.

"Ndimanena ine! Ndikuvutika kwa asing'anga, mkaziyu akudya mazira mobisa! Akupha adzukulu anga dala!"

Atcheya za adzukulu analibe nazo ntchito. Anafunsa modekha, ndipo kudekhako ndiye kunkaopsa. "Ndiye kuti mayi, mphatso ya mwini dziko mwaidya inu? Mwaona kuti m'mimba mwanu ndi moposa?"

Anthu anali atayamba kusuzumira pampanda. Alamu anagwada. Anayang'ana makoko aja, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti azindikira.

"Ine dzira sindinalikhudze chilowere lamulo la sing'anga," anatero. "Afunseni alamu anga. Dzana anatsala okha pakhomo, ndipo poto ndinamupeza wofunda."

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinaopa, izi n'zoona. Tinkadziwa anthu amene anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa mazira. Koma sindinganame kuti anali mantha okha. Pansi pa manthawo panali kukoma kwina, kuona mkazi wamtali uja ali chogwada m'fumbi. Pakamwa panga panadzitsegukira pokha.

"Ine ndi kuphika keke? Aliyense pano akudziwa kuti ngakhale chigumu chimandikanika. Koma ndifunseko, inu nonse muli apa: munaonapo keke yofufuma popanda mazira? Miyezi yonseyi akhala akutidyetsa keke yofika pachivundikiro, n'kumati ndi nthochi. Nthochi!"

Pampanda panamveka kung'ung'udza kovomereza. Ambiri mwa amayi amenewo anali asanaphikepo keke chibadwire, koma chimodzi chokha ankachidziwa motsimikiza, chimene aliyense anamva kwa amene anagwirapo ntchito kwa azungu: keke ndi mazira.

Wina anali atathamanga kukaitana achimwene ku ofesi. Anafika thukuta lili kamukamu, njinga n'kuigwetsa pachipata. Atamva zonse anakhala kanthawi atagwira tayi. Ntchito yawo inali pa ulusi, ankadziwa. Koma mkazi wawo ankawakhulupirira, ndipo ankaganiza kuti apeza njira yowapulumutsira.

"Amayi atcheya, pepani," anatero. "Mazira ndigula ine dengu lonse lero lomwe. Koma za bodzazi, tiyeni tione ndi maso. Aphike pompano tonse tikuona, opanda dzira. Ikafufuma, ndiye kuti akhala akunena zoona, ndipo nkhaniyi ithe."

Alamu anadzutsa mutu, nkhope yawo inawala. Atcheya anakondwa nazo, zinali ngati gule wina. Anangoikapo lamulo limodzi: wolakwayo asalowe m'khitchini, angabise dzira m'chitenje. Zofunika zonse akatenge wina.

"Iwe mtsikana, pita ukatenge."

Ndinalowa m'khitchini ndekha. Ndinatulutsa fulawa, shuga, koko, mafuta, nthochi, nsinjiro, mandimu. Nditabwerera kukatenga kachitini ka soda ndinaima. Ndinkadziwa kuti keke ikafufuma, funso libwerera kwa ine. Pakona panali lichero la ufa wa kondowole wosefa kumene, woyera mbee. Soda ndinamukhuthulira m'phulusa n'kufotsera ndi phazi, kachitini ndinakadzaza ufawo, n'kutseka. Sizinatenge nthawi yoposa kumanga mpango.

Alamu anasamba m'manja pamaso pa anthu, anakutumula chitenje kuti onse aone. Anakanya nthochi, anafinya nsinjiro, anasefa fulawa ndi koko. Ankafotokozera ngakhale amayi a pampanda aja chimene akuchita, ngati kalasi. Anathira kasupuni ka m'kachitini, anatakasa, anafinya mandimu, n'kuweramitsa khutu pa beseni.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako anatenga kachitini, ananyowetsa chala, analawa.

"Uyu si soda," anatero motsitsa. Kenako mokweza: "Uyu si soda! Ndi ufa wa chinangwa uwu. Lawani, chonde, wina alawe!"

"Zayambika zifukwa," anatero atcheya. Anatenga kachitiniko n'kundipatsa ine, poti ndinali pafupi. "Talawa iwe."

Ndinaviika chala, ndinaika palilime, ndinakwinya nkhope ngati ndalawa chowawa, n'kulavula.

"Soda weniweni," ndinatero.

Pabwalopo panali amayi osachepera khumi, ndipo aliyense wa iwo ankaphika therere, aliyense akanamudziwa soda ngakhale atatsinzina. Alamu anayenda ndi maondo akutambasulira kachitiniko kwa uyu ndi uyu. Panalibe anatulutsa chala. Kulawa kukanakhala kuikira kumbuyo munthu wodya mphatso ya mwini dziko, anyamata ofiira aja akuona. Amayi achisilamu a tsidya aja, amene ankabwera ndi kapu yawo, anakokera mpango kumaso n'kubwerera kwawo. Alamu atafika kwa amayi, amayi anatembenuzira nkhope kumpanda. Achimwene anatambasula dzanja, koma atcheya anawadula.

"Bambo, inu ndi soda mudziwana kuti? Khalani pansi. Mayi, phikani, tili ndi makomo ena."

Anathira m'poto, anaika makala pansi ndi pamwamba. Tinadikira padzuwa. Fungo linatuluka lomwe lija, lokoma, ndipo ndinaona achimwene akuyamba kuyembekezera. Alamu okha ndiye sankayang'ana poto. Ankayang'ana ine, osaphethira, ndipo ine ndinkayang'ana nyerere.

Atachotsa chivundikiro, keke inali pansi pa poto, yopyapyala ngati chikhatho, yolimba m'mbali, yonata pakati. Atcheya anaikhuthulira pa mbale ndipo inagwa ndi phokoso. Anyamata aja anaseka, pampanda anaseka, ine ndinaseka nawo.

"Ndiye mwaona," anatero atcheya. "Tsopano poti mumakonda kudya nokha, idyani. Yonse."

Inali ikadali yotentha. Alamu ananyema ndi zala n'kuyamba kudya. Pakati pake panali paphala, pankamata m'kamwa, ndipo akafuna kupuma mnyamata mmodzi ankagogoda mbale ndi ndodo. Anapempha madzi, anawakaniza. Atadutsa theka anasanza pambali, anawauza kuti apitirize. Misozi inkatsika koma sanalire mokweza ngakhale kamodzi. Ana a m'mudzi anakwera mumtengo wa mango kuti aone bwino. Achimwene anakhala pakhonde mutu uli pakati pa maondo mpaka mbale inayera.

Ku ofesi ya chipani sanawatengere. Atcheya anati aona kuti banjali ndi lokhulupirika, choipa ndi chobwera, ndipo chobwera chimabwerera. Amayi anamva tanthauzo lake. Mpunga sanaudikirenso kuti ulowe m'nkhokwe. Ankhoswe anabwera sabata yomweyo, ndipo amalume awo a alamu sanatsutse kanthu, nawonso anali ndi ana oti awateteze.

M'mawa umene ankachoka ndinali kuchitsime dala, koma ndinabwerako msanga, ndinawapeza akumanga kamtolo kawo. Poto anamusiya pamafuwa. Ndinati mwaiwala poto wanu.

"Sindinaiwale," anatero. "Miyeso mukuidziwa. Muzikawaphikira achimwene anu, mlamu. Soda muzilawa kaye."

Anakwera lole ya matola yopita kumpoto. Achimwene sanawaperekeze, anapita kuntchito. Koma madzulo ake anandipeza ndikutsuka mbale, anaima kumbuyo kwanga, n'kufunsa funso limodzi.

"Unalawadi soda, iwe?"

"Mukundiyesa wabodza, achimwene?"

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo anayamba kudzera kumowa. Ndipo mpango kapena sopo wonunkhira sanandibweretserenso, ngati ndinkayembekezera zimenezo.

Mbiri inawatsatira alamu mpaka ku Dwambazi. Ogulitsa usipa ankatiuza kuti akukhala kwa amalume awo, akulima chinangwa, ndipo palibe mwamuna wowafunsira. Ndani akanafuna mkazi wodya mazira kuti asabereke, wodyanso za mwini dziko? Amayi anawapezera achimwene mkazi wina, mwana wa mnzawo wa kutchalitchi, wamfupi, wofatsa, ndipo chaka chisanathe anabereka mwana wamwamuna. Amayi anavina pabwalo. Kwa aliyense wodutsa ankati, "Mwaona? Si ndinanena kuti ndi mazira?"

Ubatizo wa mwanayo utayandikira, achimwene anabwera ndi fulawa, shuga ndi chitini cha koko, koyamba chichokere alamu. Anaziika patebulo patsogolo panga.

"Unkaonerera," anatero. "Yesa."

Sindikudziwa ngati ankangofuna keke kapena ankafuna kuona china. Vuto linali lakuti chaka chimenecho chideru chinali chitasesa nkhuku dera lonse, khola lathu linali pululu, kumsika dzira losaoneka. Ndinati ndikafunafuna. Loweruka achimwene anapita kukagula mbuzi, mkazi wawo anapita ndi mwana kwa amayi ake, ndipo amayi anati mwendo ukuwawa, akagona. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Ndinaganiza kuti ndiphika ya nthochi mwamsanga, ndikadzafunsidwa ndidzati mazira ndinawapeza kumsika.

Ndinatsuka poto wakuda uja, amene anakhala chaka ndi miyezi akusungira misomali. Ndinakanya nthochi, ndinafinya nsinjiro, ndinasefa fulawa ndi koko. Soda ndinamulawa kaye. Nditafinya mandimu ndinaika khutu pa beseni, ndipo inanong'ona. Manja anga ankachita zonse monga ankachitira alamu, mpaka kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

Nditachotsa chivundikiro, keke inali itakwera mpaka kumata kuchivundikiroko. Ndinamva munthu akutsokomola. Amayi anali atakhala pamphasa pamthunzi wa nkhokwe, mwendo atautambasula, pamalo oonekera bwino khomo la khitchini. Mphasayo inali itakhalidwa nthawi yaitali.

"Wathiramo mazira angati?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa, koma tsiku limenelo bodza linakana kutuluka. Amayi anadzuka movutikira, anabwera, anayang'ana m'poto. Anayang'ana makoko a nthochi ndi a mandimu ali pansi, anatenga kachitini ka soda, anakatembenuza m'manja, anakabwezera. Kenako anandiyang'ana ine. Ndinayamba kulira. Ndinali wokonzeka kuti andimenye, ndipo ndinkafuna kuti andimenye. Ndinkati akafunsa ndinena zonse, za sitima, za kudzala, za ufa wa kondowole. Lole ya ku Dwambazi inkanyamuka m'mawa uliwonse, alamu anali moyo, panali pakadali poti munthu akapepese ndi kuwayeretsa dzina.

Amayi sanafunse. Anamanga chitenje n'kutuluka pachipata akutsimphina. Anakhalako nthawi, ndinamva pambuyo pake kuti anayenda makomo asanu ndi limodzi. Anabwera ndi mazira awiri m'nsonga ya nsalu. Anaitana galu, anaswa mazirawo bwinobwino pakati, anamukhuthulira pansi. Makoko anawapaka koko pang'ono ndi chala, n'kuwaika pa mbale pakhomo penipeni pa khitchini.

"Makoko a nthochiwo ukataye kutali," anatero. "Awa asachoke apa mpaka achimwene ako awaone."

Achimwene anafika masana akukoka mbuzi. Anamva fungo ali pachipata, anaimangirira msangamsanga, anabwera kukhitchini. Anaona keke ili pa mbale, yaitali, yakuda. Anaona makoko a mazira. Anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira kekeyo.

"Ndiye kuti popanda mazira siingatheke," anatero.

"Siingatheke, mwanangu," anatero amayi.

Anatembenukira kwa ine. Ine ndinali nditagwira mpeni.

"Ndikudulireni, achimwene?" ndinafunsa.